Povilla, kachilombo koboola mitengo pansi pa madzi koma kouluka ola limodzi basi

Amene munafikako ku nyanja ya Kariba, kaya mbali ya Siavonga ku Zambia kaya tsidya la Zimbabwe, mukuidziwa mitengo youma ija imangoti njo m'madzi yopanda tsamba olo limodzi. Yambiri ndi tsanya, inamira nthawi imene anatseka mtsinje wa Zambezi kumapeto kwa 1958 madzi n'kuyamba kudzadza, ndipo mpaka lero ina ikadalipo poti tsanya sawola chisawawa. Ukamayang'ana uli m'boti umangoti ndi zitsa zakufa, koma mbali yomwe ili m'madziyo, kunsi kwa makungwa ndi m'kati mwa thabwa lomwe lafewa, mumakhala tizilombo tambirimbiri taboola timauna tawo, ndipo kamodzi mwa todziwika kwambiri ndi kamene a sayansi amakatchula kuti Povilla adusta. Dzinali anakapatsa ndi Longinos Navás, wansembe wa ku Spain yemwe ankakonda zofufuza tizilombo, mu 1912. Kali m'gulu la tizilombo timene pachingerezi amati mayfly, gulu lalikulu ndithu, mitundu yake yodziwika imaposa 3,000 ndipo imapezeka kulikonse kuli madzi opanda mchere kupatula ku Antarctica. Povilla adusta yekhayu ndi wa mu Africa muno, ali m'nyanja ndi m'mitsinje ikuluikulu kuyambira kumadzulo uko, Ghana ndi Nigeria, kudzafika ku Uganda mpaka kuno kummwera.

Tisasokoneze kaye. Kameneka si ngumbi, ngumbi ndi chiswe chamapiko chotuluka pachulu mvula ikagwa. Komanso si nkhungu zija zimafuka ngati utsi pa nyanja ya Malawi, zimene anthu a ku Nkhata Bay ndi ku Likoma amakola ndi madengu n'kuumba zikondamoyo, nkhungu zambiri ndi timtundu ta ntchentche totchedwa Chaoborus edulis, tachibale ndi udzudzu koma tosaluma. Ngakhale zili choncho ubale ulipo pang'ono, fukwa mu 1879 katswiri wina wa ku England, Alfred Eaton, anatchula mayfly wina wamng'ono wa pa nyanja yathuyi dzina loti Caenis kungu, kutengera nkhungu zomwezo. Ndiye amene munadyapo nkhungu mwina munadya kale msuweni wake wa Povilla osadziwa kkkk.

Chimene anthu ambiri amamva za mayfly n'choti amakhala moyo tsiku limodzi, kenako amayamba kumumvera chisoni. Ine ndimaona kuti pamenepa timawerenga molakwika. Tsiku limodzilo, kapena ola limodzi kwa Povilla, ndi nthawi youluka chabe, kumathero kwenikweni. Moyo wake wonse, kudya, kukula, kumanga, kuthawa nsomba, umachitikira pansi pa madzi kwa miyezi, ndipo thupi la kamene kali m'madzi ndi thupi la kamene kakuuluka n'zosiyana kwambiri moti mutaziika pambali n'pambali simungavomere kuti ndi nyama imodzi.

Zimayamba ndi dzira. Mazira amagwera pamadzi usiku, amamira, n'kukakakamira pa chilichonse chimene apeza pansipo, mtengo, bango, mwala. Pakapita masiku kamaswa kamwana kakang'ono zedi kovuta kukaona ndi maso. Gawo limeneli lilibe nkhani yambiri.

Nkhani ili pa kamwanako kakayamba kukula. Si mphutsi ngati ya ntchentche ayi, kali ndi mutu wooneka bwino, maso, tinyanga tiwiri tonunkhizira, miyendo 6 ndi timichira titatu tatifupi kumbuyo. Thupi lake ndi lofewa, lotuwa moyererako, lobulungira motalika, ndipo kakakula kamafika sentimita imodzi ndi kanthu mpaka awiri kapena kupitirira pang'ono, tatikazi timakula kuposa tatimuna. Mutu wokha ndiye ndi wolimba komanso woderako, ndipo kutsogolo kwake kwatuluka mano awiri onenepa, osongoka, oloza kutsogolo, a sayansi amangowatchula kuti minyanga. Minyanga imeneyi ndi mbali ya nsagwada zake, ndipo ntchito yake si kuluma nyama inzake, ndi yokumbira. Abale ake ambiri a m'banja lomweli amakumba m'matope kapena mu dongo, minyanga yawo imakhala yoonda, koma Povilla yake ndi yaifupi, yokhuthala, ya mano m'mbali, fukwa iye amalimbana ndi thabwa. Amaboolanso mapesi a gumbwa ndi a bango, olo masiponji a m'madzi aja amamera pamiyala ndi pamitengo. Miyendo yakutsogolo ndi yamphamvu yophwathalala, yokankhira zinyalala zokumbazo kumbuyo, komanso ili ndi ubweya wautali wondondozana bwinobwino, ubweya umenewu musauiwale tiubwerera.

Pamsana, kuyambira pomwe pathera miyendo kutsika kumchira, pali timanthenga topumira tokhala tiwiritiwiri, mapeyala 7. Peyala yoyamba ndi yaing'ono yosaoneka bwino, zina 6 zija ndi zazikulu, chilichonse chogawanika pawiri komanso cha manyenje m'mbali, ndipo zimapindikira pamwamba pa msana kuti zisamakhulike ndi khoma la una. Izi ndiye mapapo ake. Mpweya wa oksijeni umene uli m'madzi umalowera pa khungu lopyapyala la timanthengati n'kuyenda m'timapaipi ta m'thupi. Koma una ndi malo opanikizika, madzi akangokhala osayenda mpweya umatha msanga, nde kachilomboka kamangokupiza timanthengati mosalekeza, kuyambira kutsogolo kutsika kumbuyo ngati funde, ndipo kukupizako kumakoka madzi kuti azilowa khomo lina la una n'kutulukira lina. N'chifukwa chake una wake umakhala wokhota ngati chilembo cha U, makomo awiri, lolowera madzi ndi lotulukira.

Pali chinanso chimene ine chimandidabwitsa kuposa minyanga ija. Kakamaliza kuboola sikasiya una uli wokhakhala choncho, kamaumata m'kati monse ndi ulusi wake wake, ulusi weniweni wonga wa kangaude kapena wa mbozi zopanga silika. Mbozi zimatulutsa ulusi wake cha kukamwa, koma Povilla ulusi umapangidwa m'timachubu ta m'mimba timene kwa tizilombo timagwira ntchito ya impso, ndipo umatulukira kumbuyo, kotulukira chimbudzi komweko, kenako kamaupaka pakhoma. Ziwalo zochotsa zoipa m'thupi zinapatsidwa ntchito yachiwiri yomangira nyumba, eti. M'gulu lonse la mayfly ndi ochepa kwambiri amene amapanga ulusi, Povilla ndi abale ake apafupi a ku Asia ndi ku South America basi. Ulusiwo umasalalitsa una kuti madzi aziyenda bwino, umatseka ming'alu, ndipo pamene palibe thabwa lofewa loti kaboole kamatha kupeza mng'alu uliwonse kapena una wakale wa kachilombo kena n'kungoumata, nyumba yatheka.

Tsopano kadyedwe. Madzi aja akamadutsa mu una amabwera ndi tizomera ting'onoting'ono toyandama, ndere yosaoneka ndi maso, ndi tizinyenyeswa ta zinthu zowola. Kachilomboka kamakhala chakukhomo katatambasula miyendo yakutsogolo, ubweya uja pamodzi ndi wina wa pakamwa umagwira ntchito ngati sefa ya ufa, madzi akudutsa chakudya chikutsalira, kenako kamapesa ubweyawo ndi kamwa n'kumeza. Ndiye kukupiza kumodzi komweko kukubweretsa mpweya, kukubweretsa chakudya, kukutulutsanso zonyansa khomo linalo. Thabwalo sikadya ayi, apa ndi pamene kamasiyana ndi chiswe kapena nankafumbwe, iko kamangofuna pokhala. Masana kamabisala phee m'katimo poti kamadana ndi kuwala, usiku n'kumene tina timatuluka kukadya ndere yomera pakhungwa kapena kusambira kukafuna malo ena, ndipo nsomba zimadziwa zimenezi.

Kukula kwake n'kofundula. Khungu la tizilombo silitanuka, ndiye thupi likathina kamang'amba lakalelo n'kutulukamo ndi latsopano, kambirimbiri ndithu. Ma mayfly amafundula kuposa tizilombo tambiri, mitundu yochuluka imafundula maulendo oposa 10, ina kufika 30 n'kupitirira. Gulugufe amayamba dzira, mbozi, chikwa, kenako gulugufe. Mayfly alibe chikwa, amakula ngati chiwala, pang'onopang'ono, mapiko akumera m'timatumba tiwiri ta pamsana timene timanka tikula pa kufundula kulikonse. Timatumbati tikayamba kuda ndiye kuti nthawi yayandikira. Chapamenepo kamasiya kudya, matumbo amayamba kufota, mazira mwa kakakazi amakhala atadzadza kale mimba yonse mpaka kufika cha kuchifuwa. Kumadzi ofunda a kuno zonsezi zimatenga miyezi ingapo, pomwe abale ake a kumayiko ozizira ena amatha chaka, zaka ziwiri olo zitatu ali m'matope.

Madamu akuluakulu amene anamangidwa mu Africa zaka za m'ma 1950 ndi 1960 anamukomera kwambiri Povilla, mwangozi. Ku Kariba anagwetsa tchire malo ena okha oti adzaponyepo maukonde, kwina konse nkhalango inamira chiimire. Ku Ghana atamaliza damu la Akosombo mu 1965 nyanja ya Volta inamiza nkhalango yaikulu zedi, ku Nigeria damu la Kainji mu 1968 chimodzimodzi. Pansi pa nyanja zatsopanozi matope analibe mpweya wokwanira poti masamba ndi udzu zinali zikuwola, tizilombo tambiri ta pansi sitikanatha kukhalako, koma mitengo yoimirira ija inapereka malo okhala chakumtunda komwe madzi ali ndi mpweya komanso ndere yambiri. Tomi Petr yemwe anafufuza ku Volta anapeza kuti pa mitengo yomirayo Povilla ndi amene anachuluka kuposa tizilombo tina tonse, ndipo nsomba zambiri zinayamba kudalira iyeyo. Ku Kariba katswiri wina, McLachlan, anaonanso zofanana, ndipo kumeneko Povilla ankalowa m'mauna amene tizikumbu toboola mitengo tinasiya kunsi kwa makungwa. Ukaganiza bwino ndi njira yosamutsira chakudya imeneyi, ndere yosaoneka ija nsomba zambiri sizingaidye, koma ikalowa mwa Povilla imasanduka nyama yonona imene nsomba za mtundu wa nkholokolo, milamba ndi zina zodya tizilombo zimatola mosavuta. Kuipa kwake n'koti iye sasiyanitsa chitsa ndi bwato. Thabwa lililonse lokhalitsa m'madzi, mizati ya pa doko, pansi pa boti losapakidwa penti kapena phula, amaboola, ndipo mauna akachuluka thabwa limafumbwa.

Tifike pa mwezi wa kumwambawu, pomwe Povilla anatchukira m'mabuku a sayansi. M'zaka za m'ma 1950 Richard Hartland-Rowe, akugwira ntchito ku Uganda m'mbali mwa nyanja ya Victoria, anaona kuti tizilomboti sitituluka m'madzi tsiku lililonse mofanana. Timatuluka mwaunyinji masiku ochepa okha pa mwezi, ndipo chigulu chenicheni chimabwera usiku wachiwiri mwezi utakhala wathunthu, mwezi ndi mwezi chaka chonse. Anafalitsa zimenezi mu 1955. Anayesanso kusunga tiana take mu mdima wokhawokha osaona mwezi, ndipo tinatulukabe nthawi yake yomweyo, kusonyeza kuti sikuti kamangosuzumira kumwamba n'kuona kuti lero kwawala, kali ndi kawotchi kake m'thupi kamene kanatcheredwa kale.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchimvetsa mukakumbukira ola limodzi lija. Ngati moyo wako wouluka ndi ola limodzi, ndipo mu ola limenelo uyenera kupeza mnzako, kukwerana n'kuikira mazira, kutuluka wekha Lachiwiri pamene anzako atuluka Lachisanu ndi kufa ulele. Onse ayenera kutuluka usiku umodzi, ola limodzi. Ku Ulaya ndi ku America nyengo imawathandiza, madzi amazizira kwambiri kenako n'kufunda, ndiye kufundako kumakhala belu la onse, n'chifukwa chake kumeneko mitundu ina imatuluka kamodzi pachaka cha mu Meyi ndi Juni. Koma pa nyanja ya Victoria, pa equator penipeni, mzere wa pakatikati pa dziko lapansi uja, madzi amafunda pafupifupi chimodzimodzi chaka chonse, usana ndi usiku n'zotalika mofanana, palibe belu lina lodalirika kupatula mwezi. Ndipo masiku amenewo mwezi umachita zinthu mwadongosolo, tsiku lomwe uli wathunthu umatuluka dzuwa likungolowa, kenako tsiku lililonse umachedwa ndi mphindi pafupifupi 50, ndiye usiku wachiwiri pamakhala kamdima ka ola ndi theka kapena kuposerapo mwezi usanatuluke. Povilla amatuluka chakumadzulo komweko usiku usanakule. Poti kamwana kamatenga miyezi ingapo kuti kakhwime koma gulu limatuluka mwezi uliwonse, ndiye kuti mu chitsa chimodzi mumakhala misinkhu yosiyanasiyana nthawi imodzi, a mwezi uno, a mwezi wamawa, ndi ena ongoswa kumene.

Usikuwo ukafika kamasiya una wake, mpweya umasonkhana pakati pa khungu lakale ndi latsopano n'kukathandiza kuyandama, kakafika pamwamba pa madzi khungu limang'ambika pamsana ndipo kamatuluka kali ndi mapiko, m'kanthawi kochepa kwambiri, fukwa pamenepo nsomba zili pansi zikudikira. Apa ndi pomwe ma mayfly amachita chinthu chimene kachilombo kena kalikonse padziko sikachita. Gulugufe, njuchi, chiwala, tombolombo, onsewa akangokhala ndi mapiko ouluka nawo ndiye kuti kufundula kwatha, safundulanso mpaka kufa. Mayfly yekha amatuluka m'madzi ndi mapiko, kuuluka ndithu, kenako n'kufundulanso kachiwiri mapiko omwewo n'kuwavula khungu. Gawo lapakatili a sayansi amalitcha subimago. Mapiko ake amakhala otuwa osawala, okutidwa ndi tiubweya tosaoneka timene timakana madzi, ndipo zimenezi zimathandiza kuti kasamatirire pamadzi potuluka. Kakafundula komaliza mapiko amakhala owala oonekera, miyendo yakutsogolo ndi michira ya kakamuna zimatalika, ziwalo zoberekera zimakhwima. Mitundu yambiri imakakhala pa tsamba usiku wonse kapena tsiku lathunthu kudikira kufundula kumeneku. Banja la Povilla lilibe nthawi yotero, kakamuna kamafundula patangopita mphindi zochepa, ndipo kakakazi sikavutika n'komwe, kamakwerana n'kuikira mazira kakadali mu gawo lapakati lomwelo, kufundula komaliza kanakusiya kalekale.

Thupi la kouluka ndi lochotsedwa chilichonse chosafunika pa ntchito imodziyo. Minyanga ija kulibe, inatsala ndi khungu lakale. Kamwa ndi chipsera chabe, sikangadye, sikangamwe olo dontho. Matumbo alipo koma adzadza mpweya, zomwe zimapepukitsa thupi komanso kulilimbitsa pouluka. Mphamvu yonse yowulukira ndi mafuta amene kanasunga kali mu una. Timanthenga topumira kulibenso, pano kakupumira timabowo ta m'mbali mwa thupi ngati tizilombo tina ta kumtunda. Mapiko ndi anayi, akutsogolo akuluakulu okhala ngati a makona atatu, akumbuyo ang'onoang'ono, oyererako, odzadza ndi timitsempha topingasana, chakutsogolo kwake oderako pang'ono. Ma mayfly satha kupinda mapiko n'kuwagoneka pamsana ngati mmene imachitira mphemvu kapena ngumbi, amangowaimika m'mwamba, ndipo pa chimenechi amafanana ndi tombolombo. Awiriwa ndi magulu akalekale a tizilombo touluka, makolo awo anasiya zizindikiro m'miyala ya zaka zoposa 300 miliyoni, ma dinosaur, zinyama zikuluzikulu zakale zija zinatha, asanabwere n'komwe.

Miyendo ndiye imamvetsa chisoni mukaiona. Mwa ma mayfly ena imagwira ntchito, amatera pakhoma n'kukhala bwinobwino. Mwa Povilla ndi yopuwala, yofota, singanyamule thupi. Kakakazi miyendo yonse 6 ndi yachabechabe, kakamuna yakutsogolo yokha ndi imene ili yaitali, nayonso si yoyendera, ndi yogwirira mkazi. Ndiye kachilomboka kakangonyamuka pamadzi kulibe zotera n'kupuma, n'kuuluka basi mpaka mphamvu zithe. Kusiyanitsa n'kosavuta, kakamuna n'kochepa thupi, kali ndi michira iwiri yaitali yoonda kuposa thupi lake, kakakazi n'konenepa mimba yodzadza mazira, michira yake yaifupi.

Kukwerana kumachitikira m'malere. Kakamuna kamabwera chapansi pa kakakazi, kamaponya miyendo yaitali ija m'mwamba n'kugwira cha pa tsinde la mapiko, kenako kamapinda mchira n'kugwira kumbuyo kwa mkazi ndi tizala tiwiri tokhala ngati pulayala tomwe tili kumapeto kwa mimba. Chinanso chachikale mwa ma mayfly n'choti ziwalo zoberekera zili ziwiriziwiri, kakamuna kali ndi ziwiri, kakakazi kali ndi njira ziwiri, pomwe tizilombo tambiri ta masiku ano tili ndi imodzi. Zimatha m'masekondi. Kenako kakakazi kamatsikira pamadzi, ndipo a m'banja limeneli saikira limodzilimodzi, mazira onse amatuluka nthawi imodzi ali m'timitolo tiwiri, mtolo umodzi njira iliyonse, tikakhudza madzi timamasuka mazira n'kumira. Kakatero kamagwera pamadzi pomwepo mapiko ali tambalale. Tatimuna natonso timagwa mphamvu zikatha. Mmawa kumangopezeka mitembo yoyera ili mbwee m'mphepete mwa madzi ndi pansi pa mababu.

Kutuluka onse pamodzi kuli ndi phindu lina. Chilichonse chimadya mayfly, nsomba pansi, mileme m'mwamba, achule, analimata pakhoma, akangaude, mbalame mmawa, ndipo iye alibe mbola, alibe poizoni, kuuluka kwakenso n'kofooka. Akanati azituluka ochepa usiku uliwonse bwezi adani akuwatha onse tsiku ndi tsiku. Koma akatuluka mamiliyoni usiku umodzi adaniwo amadya mpaka kukhuta n'kusiya, ambiri n'kupulumuka n'kuikira mazira, kenako masabata otsatirawo kulibe kalikonse moti mdani sangachulukane podalira iwo okha. Chitetezo chawo ndi unyinji basi.

Magetsi athu ndi amene awasokoneza. Ma mayfly amakopeka kwambiri ndi kuwala usiku, ndiye babu la pa doko kapena pa loji ya kunyanja limawachotsa pamadzi n'kumazungulira pamenepo mpaka ola lawo litatha, tatikazi n'kugwa pansi ndi mazira ake omwe. Palinso vuto la misewu. Maso awo amazindikira madzi potengera mmene kuwala kumanyezimirira pamwamba pake, ndipo tara wakuda wosalala, makamaka akanyowa kapena akawalidwa ndi magetsi, amanyezimira mofanana, nde tatikazi timaikira mazira pamsewu n'kuumira pomwepo. Ku America zimafika poipa, mu Juni 2015 ku Pennsylvania anatseka mlatho wa pa mtsinje wa Susquehanna pakati pa matauni a Columbia ndi Wrightsville fukwa ma mayfly akufa anaunjikana pamsewu, kuterera, njinga zamoto n'kumagwa. Pa mtsinje wa Mississippi magulu a mtundu wotchedwa Hexagenia amachuluka mpaka kuoneka pa makina a zanyengo ngati mtambo wa mvula, ndipo nthawi zina amawakokolola pa milatho ndi magalimoto ochotsera chipale chofewa m'misewu.

Mukafuna kuona mmene abale ake amasiyanirana, wa ku Hungary pa mtsinje wa Tisza, Palingenia longicauda, ndi wamkulu kuposa onse ku Ulaya, kuphatikiza michira amafika masentimita 10 mpaka 12, amakhala zaka zitatu mu dongo la m'mbali mwa mtsinje n'kutuluka pakati pa Juni kwa maola ochepa madzulo, anthu amachita kupita kukaonerera. Kale ankapezeka m'mitsinje yambiri ya ku Ulaya koma anatha chifukwa chowongola mitsinje ndi kuipitsa madzi. Wa kummwera chakummawa kwa America, Dolania americana, ndiye wa moyo wouluka waufupi kuposa onse, kakakazi kake kamauluka mphindi zosakwana 5. Povilla ali pakati, wapadera pa thabwa, ulusi ndi mwezi.

Nkhani yotha m'mitsinje ya ku Ulayayi ikukhudza chinthu chimene ma mayfly amadziwika nacho kwa anthu oyeza madzi. Timanthenga topumira tija ndi topyapyala, tili pamtunda popanda chotchinga, ndiye madzi akachepa mpweya chifukwa cha zonyansa za m'masuweji, kapena akadzadza matope okokoloka m'minda, kapena mukalowa mankhwala ophera tizilombo, ma mayfly ambiri ndi amene amayamba kusowa pomwe mphutsi zofiira za m'matope ndi nyongolotsi zikuchulukana. Ku nyanja ya Erie, pakati pa America ndi Canada, Hexagenia anali wochuluka zedi mpaka mu 1953 pomwe mpweya unatha pansi pa nyanja chakumadzulo kwake, anasowa kwa zaka pafupifupi 40, n'kudzabwerera m'ma 1990 mayiko awiriwo atachepetsa zonyansa zothira m'madzi. Ku South Africa ali ndi njira yoyezera thanzi la mtsinje yotchedwa SASS, komanso yophweka yake ya ana asukulu yotchedwa miniSASS, pomwe umangovundukula miyala, kukokolola tizilombo ndi kaneti, n'kupereka mapointi malinga ndi magulu amene wapeza, ndipo ma mayfly ophwathalala okakamira kunsi kwa miyala m'madzi othamanga amapatsa mapointi ambiri. Sikuti onse ndi ofooka mofanana, ena ang'onoang'ono amapirira madzi oipa pang'ono, ndipo Povilla ndi kapampu kake kokupiza kaja amatha kukhala m'madzi odekha ofunda momwe a m'mitsinje ya kumapiri sangathe olo tsiku limodzi. Ndiye kupeza Povilla m'chitsa sikutanthauza kuti madziwo ndi abwino kumwa, zimangosonyeza kuti mpweya ulipo wokwanira pamalo pomwe chitsacho chili. Oyeza madzi amayang'ana kuchuluka kwa mitundu yosiyanasiyana, osati mtundu umodzi.